Kabotolo Nambala 17

Lachiwiri, 4 Juni

Andigoneka. Wodi ya amayi, bedi 9, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Kope ili ndi lomwe ndimalembamo za kulabu; ndalitembenuza, ndayambira kumbuyo. Ngati ndikhale muno, bola ndizilemba manambala.

Kutentha kwa thupi 39.1. M'munsi mwa mimba, kumanzere, mwakhala mukupweteka masiku asanu, ine n'kumati zidutsa. Lero m'mawa ndinagwada pakhomo la labu, osati kupemphera. Sikani yaonetsa chithupsa pa chubu cha mazira chakumanzere, masentimita 6. Andiika diripi. Sefitirayakisoni wa m'mtsempha kamodzi patsiku, fulajilo katatu, dokisi wa 100 mg kawiri, ndizimwera madzi ambiri ndipo ndisagone pansi ndikangomeza. A dokotala akuti tiwapatse mankhwala masiku atatu. Chikapanda kuphwa, mpeni.

Ndawafunsa kuti ndituluka liti. Akuti, "Mayi, nsapato zanu sizinazizire n'komwe."

Pa 14 ndi tsiku lomaliza kutumiza kalata yondiikira umboni ku sukulu yakunja. A Pulofesa, abwana athu kulabu, sanaisainebe. Ine ndagona pano kuwerenga madontho a diripi.

Lachitatu, 5 Juni

M'mawa 38.8, madzulo 39.0. Maselo oyera m'magazi 18,200.

Zotsatira za kathonje kamene ananditengera dzulo zabwera. A dokotala anakoka katani n'kutsitsa mawu.

"Ndi kilamidiya. Ndi kachilombo kopatsirana pogonana, ndipo nthawi zambiri sikaonetsa chizindikiro, munthu amatha kukhala nako miyezi..."

"Ndikukadziwa, adokotala."

"Aliyense amatero."

"Ndimakaweta kulabu. Chino ndi chaka chachiwiri."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mwachedweranji?"

Yankho ndilemba muno, poti kope silikweza nsidze.

Ntchito yathu ndi iyi. Timatenga maselo a m'njira ya chiberekero kwa amayi amene ali ndi kilamidiya ndi kwa amayi athanzi, n'kuyerekeza majini amene ayaka ndi amene azima. Majini ndi timalangizo tolembedwa m'kati mwa selo. Selo siliwerenga tonse nthawi imodzi. Limatsegula tokhato tamene likufuna pa nthawiyo, ndiye ukaona zimene latsegula umadziwa chimene lakumana nacho. Mu Febuluwale athanzi tinali nawo 16, pankasowa mmodzi kuti mbale yolowa m'makina idzaze. Kupeza munthu watsopano kumafuna mafomu, masiginecha, milungu itatu. Ine kudikira milungu itatu? Ndinalowa m'chimbudzi cha labu ndi kathonje, n'kutuluka ndi kabotolo. Ndinalembapo 17, gulu la athanzi. Ndinkati wathanzi kuposa ine ndani.

Zotsatira zitabwera, athanzi onse anali zii, 17 yekha psuu ngati khala la moto. Jini imene imaitana asilikali a m'magazi, IL-8, inali itakwera kakhumi. Mayeso a kachilombo nawonso akuti kalipo.

Sindinaganizeko ngakhale mphindi imodzi kuti ndi zoona. Mwamuna mmodzi yekha zaka zitatu, thupi losapweteka paliponse. Ndinati mabotolo asinthanitsidwa basi. Amene amalandira mabotolo ndi kuwasunga ndi bambo ena achikulire, tonse timawatcha a Firiji, poti akhala ndi makiyi a firiji yaikulu zaka 22. Chilichonse amalemba pamanja, ndi pensulo, m'buku lachikuto chakuda. Bukulo ndinali nditayamba kale kulimbana nalo. Ndinkafuna zonse zilowe m'kompyuta ngati kwa anzathu. Nambala 17 inandipatsa chibonga. Ndinalembera a Pulofesa lipoti la masamba awiri, losalala bwino, osanenamo kuti 17 ndani. A Firiji anawalanda makiyi n'kuwaika kotsuka magalasi. Lachinayi la sabata yamawa, pa 13, komiti ikhala pansi kuona ngati kontirakiti yawo ipitirire.

Sanasinthanitse kalikonse.

Lachinayi, 6 Juni

38.7. Fulajilo akuchititsa m'kamwa ngati ndayamwa kiyi.

Tsiku la muno: mapiritsi 6 koloko, okolopa 7, madokotala nthawi imene afuna. Tchati changa chinalembedwa molakwika kawiri, ndakonza ndekha. A Sisitala sanakondwe. "Bedi 9, mukachira mudzatilembe ntchito tonse."

Bedi 8 ndi a Telala, mayi a zaka ngati makumi asanu. Ali ndi zotupa m'chiberekero, akudikira magazi achuluke kuti awachite opaleshoni. Apinda kale mpendero wa katani yathu ndi singano imene amabisa m'chikwama cha magalasi. Ine anditcha a Digiri.

"A Digiri, ndiye kachilombo kanuko kamadya chubu?"

Ndawafotokozera. Sikadya. Kamalowa m'selo, kamadzimangira kachipinda, n'kukhala phee, ndipo kamaletsa selolo kudzipha monga lingachitire likaloweredwa. Pakapita tsiku, selo limayatsa majini okuwa. Maselo oyandikana nalo, amene alibe n'kachilombo komwe, amakuwa nawo, nthawi zina kuposa mwini tsoka. Asilikali a m'magazi amakhamukira, kugumula uku ndi uku. Kenako thupi limayatsa majini omangira, ndiye zipsera. Chimene chimatseka chubu ndi zipserazo.

"Aa, ndiye za kulaini kwathu zimenezo," atero a Telala. "Wakuba alowa nyumba imodzi, aneba athamanga ndi mipini. M'mawa wakuba palibe, koma mpanda uli pansi, mapoto a eni osweka, wina wathyola mwendo wa mlamu wake."

Ndaseka mpaka kugwira pamimba. Zimene ndinalemba masamba asanu ndi atatu, iwo atha m'mpweya umodzi.

Achemwali abweretsa mpunga, nkhuku ndi nthochi. Ndadya nthochi theka.

Nthawi ngati ino ndikanakhala ndikusinthira maselo anga madzi awo apinki aja. Ndikusowa fungo la sipiriti pa magolovesi, kulira kwa makina ozungulira, kuzizira kotuluka m'firiji ikatsegulidwa. Ndikusowanso mawu amene ndinkadana nawo m'mawa uliwonse: "Mwadzuka, a Changu? Labu sithawa." Chichokereni lipoti lija, a Firiji ankangoti mwadzuka bwanji, ngati kwa mlendo.

Lachisanu, 7 Juni

39.2. Sikani yachiwiri: masentimita 7. Chakula. Opaleshoni mawa m'mawa. Ndasaina kuti akaona kofunika achotse chubucho. Ndinawerenga fomu yonse, mzere ndi mzere. Ya anthu olowa m'kafukufuku ija ndinalibe nayo nthawi.

A Sisitala andipatsa kapepala koti bwenzi langa likalandire mankhwala. Ndawauza kuti kapepalako kakufunika ndege. Iye ali kunja, mzinda womwewo umene ndikufuna kupitako. Amanditumizira zithunzi za labu yakumeneko: makina owerenga majini a selo limodzilimodzi, zimene ife timachita mwezi iwo amatha Lachiwiri masana. Chithunzi china ndinachiika pafoni, pamaso penipeni.

Ndamuimbira.

"Ukayezetse, umwe mankhwala."

"Ukutanthauza chiyani?"

"Ndikutanthauza dokisi, kawiri patsiku, masiku asanu ndi awiri."

"Mwina n'zakale, tisanakumane. Si iwe umati kamatha kugona nthawi yaitali?"

Ndine ndinamuphunzitsa. M'mbale za kulabu, selo likabisa chakudya chimene kachilombo kamadalira, iko kamasiya kuswana, osafa, n'kudikira. M'thupi la munthu timangoganizira. Sindingamutsutse, sindingamukhulupirire. Ndadula foni.

Ndikumusowa, chitsirucho.

Loweruka, 8 Juni

Achotsa. Ludzu. Sakundilola madzi.

Lamlungu, 9 Juni

38.1. Paipi pamimba, mwatuluka 80 ml. Ndamwa tiyi masupuni anayi. A Telala andipesa tsitsi osandifunsa.

Lolemba, 10 Juni

37.8. Paipi achotsa. Ndayenda kukafika pa sinki n'kubwerera, a Sisitala atandigwira m'khwapa. Masitepe 22.

A dokotala akuti chubu chakumanzere chinali chosapulumutsika. Thumba la mazira alisiya. Chakumanja chinali chitamatidwa ndi timaulusi ngati ta kangaude, amasula.

"Kubereka?"

"N'kotheka. Mukadzangoima mudzabwere msanga, tidzaone kuti mimba yakhala pamalo pake."

"Ndikanabwera mu Malichi?"

"Mapiritsi a sabata imodzi." Anatero akulemba, osandiyang'ana. Ndawathokoza chifukwa chosandiyang'anako.

Achemwali anapita kulabu kukanditengera chaja. "Anzako akulabu ndawauza kuti ndi apendikisi. Usandiyang'ane choncho iwe. Ukufuna mbiri yako izimwedwera tiyi?"

Masana uthenga wa a Pulofesa: ndichire msanga, kalata asaina Lachisanu m'mawa, ndipo atchulamo lipoti lija kusonyeza kuti ndili ndi diso ndiponso sindiopa kunena chilungamo.

Ndiye khomo ndi limenelo, latsegulidwa kale, sindikufunika n'kunama komwe. Kungokhala chete masiku anayi. Ndadziuza kuti bukulo linayenera kuchoka ndithu, kuti labu yathu ikutsalira ndi zaka makumi awiri, kuti ndikadzabwerako ndi digiri ina ndidzasintha zinthu zothandiza amayi zikwi. Zonsezo n'zoona. Ndazilemba, ndaziwerenga, zikadali zoona, koma mpunga wakana kutsika.

Lachiwiri, 11 Juni

37.4. Mankhwala a m'mtsempha asiya, tsopano onse ndi akumwa.

Nthawi ya alendo, ndikuyembekeza achemwali, ndinangoona jekete yabulauni ija pakhomo. A Firiji. Anaima kaye kufunsa a Sisitala, chipewa chili m'manja. Anabwera ndi malalanje asanu m'pepala. Zala zawo zayera ndi sopo, zang'ambikang'ambika m'mfundo.

"Mwaswera, a Changu?"

"Ndaswera, bambo. Khalani."

Anakhala m'mphepete mwa mpando ngati ndi wobwereka. Anafunsa za chilonda, za chakudya, ngati ndikugona. Akuti maselo anga akuwasinthira madzi ndi mnzanga wa pabenchi yachiwiri, koma amathira mothamanga, amawasambitsa ngati mbuzi. Kenako anayang'ana tchati chopachikidwa kumiyendo kwa bedi. Munthu wa labu sangaone pepala la manambala osaliwerenga.

"Apendikisi," anatero.

Anachotsa maso patchati, napitiriza.

"Mabotolo a kukiliniki amabwera Lachiwiri ndi Lachinayi, m'bokosi la ayezi. Amafika ozizira, amaluma zala. Nambala 17 munandipatsa Lolemba, pamanja, opanda fomu. Kanali kofunda."

Ndinamva kutentha kumaso kuposa kwa Lachisanu kuja.

"Ndiye munkadziwa."

"Ndinakuuzani."

Anandiuzadi. Mu Malichi, pa sinki, manja ali m'thovu: "A Changu, mwini wake wa 17 afunidwe, amwe mankhwala. Mapepala adikire." Ine ndinayankha kuti, "Bambo, za sayansi tisiyireni." Anabwerezanso kawiri, masiku osiyana. Ndinkayesa akudziteteza.

"Bwanji simunawauze a Pulofesa?"

"Kuti chiyani? Kuti mwana wa eni ali ndi matenda akutiakuti, ndiponso wadumpha mpanda wa malamulo a labu? Ndili ndi ana aakazi atatu ine. Ndinkati mukapsa mtima n'kuzizira, muona nokha manambala anuwo. Mumawakhulupirira kwambiri manambala. Ndinadabwa kuti awa okha munawakana."

"Nanga ntchito yanu?"

"Ndikuifuna. Musaganize kuti ndine munthu wabwino kwambiri woti sindikuifuna. Firiji ija ndimaidziwa kulira kwake ikafuna kudwala. Panopa ndimaimva ndili ku sinki, osaloledwa kuigwira." Anatembenuza chipewa. "Koma sindinabwere kudzapempha. Lachinayi akandifunsa, ndinena kuti sindinasinthanitse. Za mwini kabotolo si zanga zonena."

"Sakukhulupirirani."

"Ayi. Lipoti lanu linalembedwa bwino."

Anaimirira, natsanzika a Telala ndi a bedi 10 omwe, ngati anabwera kudzaona wodi yonse. Pakhomo anabwerera pang'ono. "Malalanjewo ndi owawasa, musandida. Okoma anatha."

Lachitatu, 12 Juni

37.0. Masitepe 140. Chilonda chouma.

A Telala magazi afika 10, awatenga 9 koloko. Akuwavula ndolo anandikodola.

"A Digiri, makatani awa si makoma."

"Ndadziwa, mayi."

"Ine sindikuuzani chochita, ndinalekera sitandade 6. Koma ndikadula nsalu ya eni molakwika ndimamuuza mwini wake tsiku lomwelo. Amatukwana mpaka amayi anga, n'kupita. Ena amabweranso, ena ayi. Ndisungireni singano yanga, a Sisitala asaione."

Achemwali nditawauza zonse anaika kontena pansi mwamphamvu.

"Iwe, wataya chubu, ukufuna utayenso sukulu? Zaka zingati ukulota za kumeneko? Bamboyo ndi wokalamba, akanapuma ndithu chaka chino kapena chamawa."

"Sanalakwe, achemwali."

"Nanga iwe unapha munthu? Pita kaye, ukakhazikike, udzawapepese bwinobwino uli ndi kanthu m'manja. Komiti ndi anthu asanu. Anthu asanu ali ndi akazi, amuna, ndi mafoni. Udzayenda bwanji pakhonde paja?"

Sindinawatsutse, chifukwa zonsezo ndadzifunsa kale. Ndinatsegula chithunzi cha labu ija. Mabenchi oyera, zenera lalikulu, mpando wina wopanda munthu kumapeto umene ndinkati ndi wanga. Ndinachiyang'ana mpaka foni inazima yokha.

3 koloko ndinayenda kukafika kumapeto kwa khonde, pamene netiweki imagwira. Ndinaimbira a Pulofesa. Ndinayamba ndi za kuzizira kwa mabotolo, sindikudziwa chifukwa chake, kenako ndinangoti, "Nambala 17 ndine. Sanasinthanitse. Si apendikisi."

Anayankha mosakweza mawu.

"Unaika thupi lako m'kafukufuku wanga popanda fomu."

"Eee."

"N'kulemba lipoti lonenera munthu wina."

"Eee."

"Ine n'kumulanda makiyi pamaso pa ana asukulu." Apa mawu awo anasintha. "Ulembe zonse, usaine, zifike mawa 9 koloko isanakwane. Usazungulire. Dzina la matendawo lilembedwe, apo ayi sizimveka."

"Nanga kalata ija?"

"Ukundifunsa zimenezo lero?"

Ndinafunsadi. Ndilembe muno kuti ndinafunsa.

Ndang'amba masamba atatu pakati pa kope lino. Ndalemba pamanja, poti laputopu ili kunyumba. Kulemba koyamba kunali ndi mawu ambiri ofotokoza kuchedwa kwa mafomu ndi kufunika kosintha kachitidwe ka zinthu. Ndachotsa. Chatsala ndi tsamba limodzi. Achemwali alipinda n'kuliika m'chikwama kuti akalipereke mawa m'mawa, n'kuiwala kontena.

A Telala abwerako 2 koloko, akugona. Akupuma bwino.

Lachinayi, 13 Juni

36.8. Akuti nditha kutuluka mawa. Dokisi ndi fulajilo mpaka pa 17, ulusi adzachotsa pa 18, sikani pakatha milungu isanu ndi umodzi.

Uthenga wa a Pulofesa wafika 12 koloko. Ndikopera momwe uliri. Kontirakiti ya a Firiji yawonjezeredwa, makiyi awabwezera lero. Mbale yonse ya Febuluwale yachotsedwa m'kafukufuku. Ine ndisagwire kalikonse kulabu mpaka nditaonekera ku komiti yoona za malamulo, mwezi wamawa. Kalata sipita chaka chino. Za chaka chamawa sanganene. Pomaliza akuti, "Chira."

Ndinatembenukira kuzenera. Ndalira kuyambira chakudya chamasana mpaka mapiritsi a 2 koloko. A Sisitala anangoika kapu pa loka n'kukoka katani.

Achemwali afika 4 koloko. Akuti sanangosiya pepalalo. Anakhala pa benchi panja pa chipinda chamsonkhano mpaka utatha, maola awiri, kuti aone nkhope za anthu amene andiwerenga. Anayi anatuluka akuyang'ana pansi. Mmodzi, mayi wa magalasi, anawafunsa kuti ndikupeza bwanji.

"Nanga bambo aja?"

Anayamba kusenda nthochi imene sindinapemphe.

"Anatuluka omaliza. Sanandione. Anatsika masitepe, anazungulira kuseri kumene kuli matanki a gasi. Ndinawatsatira kuti ndiwapatse moni wako. Ndinawapeza atakhala pa njerwa, makiyi ali m'manja, atabisa nkhope m'chipewa. Mapewa akugwedezeka."

"Ndiye munatani?"

"Ndikanatani? Ndinaima pakona kuti anthu asadutsireko, mpaka atamaliza."